Kutchuka Kwaulere kwa a Thipa

"Kutchuka kwaulere, bwana, mawa lomweli!" Nasibeko analonjeza choncho a Thipa, wapampando wa msika, atamuopseza kuti akapanda kuwatchukitsa patsamba lake la pa intaneti, amulanda benchi.

Mayiyu ankadziwa kuti foni imakankhira pamwamba zokhazo zimene anthu akutukwanirana. Ndiye analemba kuti: "A Thipa akufunsa: tichotse ndani mumsika muno, a tomato kapena a kaunjika?"

Pofika masana, aliyense ankangoona chipongwe cha mbali inayo, n'kubwezera chowawa kuposa.

A Thipa anabwera thukuta lili kamukamu. "Iwe, fufuta zimenezi!"

"Ndifufute pomwe mwayamba kumveka, bwana?"

Atatopa kutukwanana, a tomato ndi a kaunjika anagwirizana chinthu chimodzi chokha: achoke wofunsayo. A Thipa sanatulutse ngakhale tambala. Analipira ndi mpando wawo wonse.