Feteleza Waulere wa a Kachingwe

A Kachingwe, eni sitolo ya zaulimi pa Mponela, analamula Esinta, wosamalira tsamba lawo la pa intaneti, kuti agule alendo odzaona tsambalo kwa mlamu wawo Jailosi, amene ankalonjeza kubweretsa anthu ambiri pa tsamba akalipidwa. Akakana, ntchito yatha.

Esinta ankaganiza kuti alendo a Jailosi ndi makina chabe, osati anthu enieni, koma monga zimakhalira kwathu kuno, mlamu wa bwana satsutsidwa. Anavomera mwaulemu.

Tsiku limene alendo zikwi khumi anafika, Esinta anaitana awiriwo n'kuwaonetsa zimene analemba pa tsambalo: aliyense woimba foni lero alandira thumba la feteleza laulere.

"Wandipha, mwana iwe!" anakuwa a Kachingwe, manja ali kunkhongo. "Matumba zikwi khumi ndiwatenga kuti?"

"Mtima m'malo, alamu," anatero Jailosi akuseka. "Palibe amene aimbe. Makina alibe munda."

Kusekako kunathera pakhosi. A Kachingwe anayang'ana mlamu wawo, kenako foni, imene inangoti zii pa tebulo.

"Bwana," anafunsa Esinta modzichepetsa, "tidikirebe mpaka madzulo, kapena ndifunefune wogulitsa amene alendo ake amalima?"