Kaseti M'thumba la Zigamba

Pa Migowi panali shopu ya utelala ya anthu awiri, a Goliati ndi a Rozaria. Makina anali awiri, chitseko chimodzi, ndipo anthuwa anali asanakanganepo. Koma a Goliati anali ndi kachilema kamodzi: chinthu chikawadutsa osachimvetsa, chinkawayabwa ngati chitedze.

Chomwe chinawayabwa chaka chimenecho chinali katani. Amayi akabwera kudzayezetsa madiresi, a Rozaria ankalowa nawo kuseri kwa katani n'kukhalitsa, akunong'onezana. Ena ankatuluka maso ali psuu. Kodi kuyeza chiuno kumaliritsa munthu? A Goliati anaganiza kuti mnzawoyo akukopa makasitomala kuti akatsegule shopu yakeyake. Kufunsa sikukanawathyola lilime, koma iwo anasankha ukathyali. Anabisa wailesi yawo ya kaseti m'thumba la zigamba n'kudina batani lojambulira.

Ataweruka anakhala pakhonde kwawo kuti amve. Tsoka ilo, wailesiyo inali yoduka kotsitsira mawu, moti inkangokuwa ngati ya pamsonkhano wa chipani. Mawu a Peggy, mayi wa m'mudzi momwemo, anamveka mpaka pamjigo: "Achemwali, kuchipatala andipeza nako kachilombo. Abambo akunyumba sindinawauze." Kenaka anamveka a Rozaria akumulimbitsa mtima, pakuti ankathandiza odwala mongodzipereka kutchalitchi. Pamene a Goliati ankalimbana ndi batani, amayi otunga madzi anali atatula kale zidebe pansi.

Sabata isanathe, mwamuna wa Peggy anamanga katundu panjinga n'kubwerera kwawo, kumusiya ndi ana. Abale a Peggy anakadandaula kupolisi.

"Koma bwana, shopu ija ndi yanganso," anatero a Goliati ataitanidwa. "Lilipo lamulo loletsa munthu kujambula m'shopu mwake?"

"Shopu ndi yanu, nanga mawu aja ndi anu?" anayankha wapolisi. "Chinsinsi cha munthu malamulo amachiteteza, bambo. Funso limeneli mukanabwera nalo musanadine batani."

Pobwerera, a Goliati anapeza a Rozaria akukweza makina awo pangolo. A Rozaria sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinawapweteka kwambiri a Goliati.

"Achimwene, mukanangondifunsa, ndikanakuuzani kuti ndi nkhani za amayi, basi," anatero a Rozaria. "Anthu aja ankamasuka podziwa kuti kuseri kuja kulibe khutu lina. Nanga Peggy ndikamuyang'ana ndi maso ati?"

A Goliati anasowa poika manja, manyazi ali tho. Nkhani ya kupolisi inatha ndi chipepeso, koma palibe mayi amene anapondanso pakhomo pa shopuyo. Ndani angavule mtima pamalo pomwe ngakhale zigamba zili ndi makutu? Makina otsalawo anachita dzimbiri mwini wake akuona, ndipo Peggy akamadutsa ndi ana ake, a Goliati ankazolika.

Akuluakulu sananame: safunsa adadya phula.