Nambala ya Pamsana pa Shunpei

A Tomoe Hiraiwa anatsuka mbale m'lesitilanti ya amuna awo ku Marugame, yogulitsa udoni, chakudya cha ufa wa tirigu chonga zingwe, kwa zaka zambiri, moti nkhani zikuluzikulu zonse za m'banjamo anazimvera kumsana, manja ali m'madzi. Nkhani ya nyuzipepala nayo inawapeza pomwepo.

Mwana wawo, Shunpei, anali woponya mpira wa besibo, masewera omenya mpira ndi ndodo, m'timu yaing'ono ya kalabu ina, kumene amasungirako anyamata amene sanapse. Anyamata otere amavala nambala yopitirira zana pamsana, ndipo ya Shunpei inali 127. Mnyamata akakwezedwa kupita ku timu yaikulu amamuvula nambala yaitaliyo n'kumuveka yaifupi, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndiye munthu. Chaka chimenecho malo okwezerapo munthu anatsala amodzi.

Kawiri pa chaka nyuzipepala ya zamasewera inkasanja anyamata khumi a timu yaing'onoyo, kuyambira wooneka kuti apita patali kutsika m'munsi. Masewera a chaka atatha, Shunpei anamuika wachinayi. Analemba kuti mpira wake umakhota bwino koma liwiro n'lochepa.

A Genzo, bambo ake, anawerenga ataima pa mtanda wa ufa umene ankauponda.

"Amayi, mwamva? Wachinayi. Pamwamba pake aikapo mwana wa ku Sendai, wa miyendo ngati timitengo todyera."

"Pansi pake pali anthu asanu ndi mmodzi, nawonso ali ndi makolo," anatero a Tomoe osatembenuka. "Pondani ufawo, anthu abwera."

Koma mawu oti liwiro n'lochepa anawakhala a Genzo pakhosi ngati munga wa nsomba. Iwowo pa unyamata wawo anali wowakha mpira m'timu ya ku sekondale, timu imene chaka chilichonse inkatuluka mu mpikisano pa masewera oyamba. Zimenezo sizinawalepheretse kudziwa zonse. M'nthawi yawo munthu sankamwa madzi pokonzekera masewera, ndipo mkono ukapweteka mankhwala ake kunali kuponya mpaka uleke kudandaula. Iwo anachita zimenezo ndipo sanafe. Umboni wawo unali umenewo.

M'nyengo yozizira makochi saloledwa kuphunzitsa, ndiye anyamata amabwerera kwawo. Shunpei anafika ndi chikwama cha zovala zakuda ndi mawu ochokera kwa kochi wake, a Komine. A Komine anati chigongono chake chinatupa pang'ono kumapeto kwa masewera, choncho azithamanga, azidya, azigona, koma mpira asaukhudze mpaka timu idzakumanenso mu February. A Genzo anamvetsera mpaka kumapeto, anagwedeza mutu, kenako anakatulutsa chikopa chawo chakale chowakhira mpira n'kuyamba kuchipaka mafuta.

Shunpei analeredwa bwino, ndipo vuto lake linali lomwelo. Sanaphunzire kuuza wamkulu kuti ayi.

Makasitomala a masana akangotha, awiriwo ankapita kuseri, poimika magalimoto. A Tomoe ankamva ali pa mbale zawo: phaa, phaa, phaa, mpaka dzuwa kupendeka. Madoda a m'deralo anayamba kubwera kudzaonerera atavala majekete awiriawiri. A Mitani ometa tsitsi, amene anaphunzira limodzi ndi a Genzo, ankakhala pa kireti n'kumanena kuti Genzo m'nthawi yake ankawakha mpira ndi mphuno, ndipo n'zodabwitsa kuti waphunzira kugwiritsa ntchito manja atakalamba. A Genzo ankayankha kuti munthu amene wakhala akumeta anthu mokhota kwa moyo wake wonse asalankhule za manja. Madoda ankaseka, mpira n'kumapitirira.

Pa Chaka Chatsopano banja linapita ku kachisi. A Tomoe anaona mwana wawo akuponya ndalama m'bokosi la zopereka ndi dzanja lamanzere. Atamufunsa, anati palibe kanthu, n'kuzizira chabe. Mawa lake a Tomoe anabisa chikopa chija pansi pa matumba a ufa. A Genzo sanafunse n'komwe, anangokabwereka china kwa a Mitani.

Ndiye m'mawa wina, a Genzo akufunditsa mtanda nsalu, a Tomoe anatseka mpope wa madzi. Sankautseka chisawawa.

"Abambo, mtanda mukamaliza kuuponda mumautani?"

"Ndimaugoneka."

"Chifukwa?"

"Ukapanda kugona umaduka m'madzi otentha. Mwayamba liti kufunsa za ufa?"

"Nanga mwanayu mumugoneka liti?"

"Mwana si ufa, amayi."

"N'zoona," anatero a Tomoe. "Ufa tikhoza kugula wina."

A Genzo anati akazi sadziwa za mpira. A Tomoe anavomera kuti sadziwa. Anaganizapo zowaimbira foni a Komine, koma kukaneneza mwamuna wako kwa anthu akunja si chinthu chimene munthu amachita ali ndi lesitilanti m'tauni yaing'ono. Anatsegulanso mpope.

February atafika, anyamata ena anabwera ndi mikono yozizira, akuidzutsa pang'onopang'ono monga anauzidwira. Shunpei anafika wake uli moto kale. Anaponya ndi liwiro limene sanaponyepo chibadwire, atolankhani n'kumamuunjikira kuseri kwa ukonde. Nyuzipepala itasanjanso anyamata aja, dzina la Hiraiwa linali pamwamba penipeni.

A Genzo anazungulira masitolo onse a m'tauni pa njinga n'kugula nyuzipepala iliyonse imene anaipeza, moti anthu ena a ku Marugame sanawerenge nkhaniyo chifukwa inathera m'nyumba mwa a Hiraiwa. Tsamba limodzi analiika m'galasi pamwamba pa mphika. Kenako anakasoketsa jezi ya nambala 18, nambala ya woponya wamkulu wa timu, n'kuipachika pakhoma pamene aliyense wolowa aione. Tsiku limenelo tempura, ndiwo yokazinga yodyera udoni, inali yaulere.

A Tomoe anafunsa ngati kalabu yanena kanthu. A Genzo anati nyuzipepala yanena. A Tomoe anati sanamvepo kuti nyuzipepala inaveka munthu jezi, koma poti sadziwa za mpira, anapitiriza kukazinga za ulerezo.

Zinachitika maluwa a m'mitengo atangoyoyoka, pa masewera a timu yaing'ono, masana a pakati pa sabata, oonerera ali ochepa moti munthu akatsokomola ankamveka bwalo lonse. Shunpei anaponya, mpira n'kugwera pakati pa njira n'kugubuduka wokha. Mtsempha wa m'chigongono unali utaduka. Anavula chipewa ndi dzanja lamanzere, anaweramira bwalo monga mwa mwambo, n'kutuluka. Madokotala anamuchita opaleshoni n'kunena kuti chaka chitha, mwina ndi china, asanagwire mpira.

A Komine anamuperekeza okha kwawo. Anakhala pa tebulo la pakona, pansi pa jezi ija, ndipo anaiyang'ana kamodzi kokha. Ananena mwaulemu kuti malo aja kalabu inkawasungira Shunpei kuyambira chaka chatha, ikungodikira kuti chigongono chipole. Tsopano awapereka kwa mnyamata wina, Tamashiro, amene nyuzipepala inamuika wachisanu ndi chinayi n'kumudzudzula kuti nyengo yozizira yonse anaithera kuwedza ndi kugona kwawo ku Okinawa. Kenako anafunsa Shunpei ngati anaponya mpira patchuthi.

"Ndinaponya, aphunzitsi," anatero Shunpei. "Ndinkachita ndekha. Kunyumba kuno anandiletsa."

A Genzo anali ataima pakhomo la khitchini, nsalu ili paphewa. Anawerama kwambiri, ndipo anakhala chiweramire mpaka mlendo atavala nsapato. A Tomoe anamukulungira mlendoyo udoni wosaphika woti akadye kwawo, poti munthu sabwerera chimanjamanja ngakhale atabweretsa zotani.

Nyuzipepala itasanjanso anyamata, dzina la Hiraiwa silinapezeke pena paliponse, ngakhale pansi. Ya ulendo umenewo a Genzo sanagule. A Mitani ankabwerabe kudzadya, koma ankangokamba za nyengo.

Shunpei anayamba kukhala pakhomo, mkono uli m'zitsulo, kulandira makasitomala ndi dzanja lamanzere. A Genzo ankaponda mtanda wawo chamumtima, n'kuufunditsa nsalu mosamala ngati khanda. Mulu wa nyuzipepala uja a Tomoe anaupezera ntchito. Ankayala tsamba limodzi pansi pa tempura kuti lizimwa mafuta, ndipo dzina la mwana wawo linkaonekera bwinobwino, lonyowa, lidakali pamwamba pa anzake onse.

Tsiku lina anakwera pa mpando, anatsitsa jezi ija, anaipinda n'kuiika m'kabati ndi mankhwala a njenjete. Shunpei, amene ankawayang'ana, anafunsa ngati iwo akuganiza kuti adzaivala.

"Ya m'kabatiyi siwola," anatero a Tomoe. "Inali yodikira kuyambira kale. Idya, kenako ukagone."

A Genzo anamva ali pa mtanda wawo, ndipo ulendo uno sananene kuti akazi sadziwa za mpira. Nambala yaifupi ija inali yake mwanayo, inkangofuna msana woti ikhalepo ndi mkono woti uitumikire. Paja akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavale.