Maliro a ku India pabwalo la Ackim

Ackim Mbewe, telala wa ku Kapata, anali munthu woti akagwira chinthu sataya ngakhale chikumuotcha. Manja ankasoka mayunifomu, koma mtima unali ku gulu la zisudzo la kutchalitchi limene ankalitsogolera. Chaka chimenecho anatola nkhani kwa mkulu wina wachimwenye womugulitsa nsalu, nkhani yakalekale ya ku India ya anthu apachibale amene anaphana polimbirana ufumu, mpaka opambanawo anasowa wowaombera m'manja.

Ackim ankati za nkhondozo aliyense angathe ndi timitengo tansungwi. Pokoma penipeni n'pamapeto, pamene amayi ovala zoyera akuyendayenda pakati pa mitembo kufunafuna ana awo. Popeza holo ya kutchalitchi inali itatengedwa ndi akwaya, anaganiza zoti kulirako akayeserere pabwalo la nyumba yake.

Mkazi wake, Sesiliya, anamukokera pambali. "Bambo a Chipo, kulira maliro saseweretsa. M'nyumbamu muli bambo anu odwala, ndipo Kapata yense akudziwa. Yambani mwauza anthu."

Ackim anangoseka. Anati ndani angasokoneze sewero ndi maliro dzuwa likuswa mtengo.

Lachitatu masana atsikana asanu a m'gulu la zisudzo lija anafunda nsalu zoyera n'kuyamba kulira. Ackim anawadzudzula kuti akulira ngati mwana wolandidwa chitumbuwa, akweze mawu. Koma ndiye anakwezadi!

Sipanathe theka la ola. Amayi Elesi, mtsogoleri wa amayi a mpingo m'deralo, anatulukira atamanga chitenje m'chiuno, akulira kuchokera kumsewu. Pambuyo pawo panali amayi enanso, azibambo atasenza mabenchi, wina akukankha wilibala ya nkhuni. Wina wachangu anali ataimbira kale foni mlongo wake wa Ackim ku Tamanda kuti bambo atisiya. Ndiye pakati pa chipwirikiticho, womwalirayo anatuluka m'nyumba ndi ndodo yake n'kufunsa kuti watisiya ndani.

Achinyamata anagubuduka ndi phwete, koma akuluakulu sanaseke ayi. Amayi Elesi anapukuta misozi, n'kumuyang'ana Ackim m'maso.

"Achimwene, ife tasiya mapoto pamoto. Tsiku limene mudzalire zenizeni pano, tidzati ndi sewero lanu lija, tidzakhala."

Mawu amenewo anamulasa Ackim, ndipo anachita mantha. Anayang'ana bambo ake, mmene anaondera, n'kuona kuti tsikulo silinali kutali kwenikweni. Munthu angathe kusauka pa zonse, koma osati kusowa omulirira.

Sesiliya sananene kuti ndinakuuzani. Anangovala chitenje chake chabwino n'kumuperekeza khomo ndi khomo kwa masiku awiri, Ackim chipewa chili m'manja, akupepesa. Mlongo wake wa Ackim uja atafika maso ali psuu, anamulalatira mpaka kukhosi kunauma, kenako anakhala sabata yathunthu akuwaphikira bambo awo. Nkhalambayo inati maliro ake aipindulira.

Amayi Elesi anakhululuka, koma anati palinso mlandu wina: atsikana aja sadziwa kulira, akuchititsa manyazi. Ngati seweroli lilipodi, Ackim alilengeze m'tchalitchi Lamulungu, ndipo gawo la amayi ofedwa alisiyire iwo amene anaikapo ana m'manda.

Loweruka lotsatira holo inadzaza mpaka pamawindo. Nkhondo ya nsungwi anthu anaiseka. Koma amayi Elesi atalowa atavala zoyera, akuitana ana awo mmodzimmodzi, m'holo munangoti zii. Mkulu wachimwenye uja anavula magalasi, ndipo anakhalitsa asanawavalenso.

Pobwerera kunyumba, Ackim anamuuza mkazi wake kuti sewero likubweralo ayamba wafunsa iyeyo. Sesiliya anaseka, nati tidzaona. Paja akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.