Namzeze pa Uta wa Namponya

Kale kwambiri, mfuti zisanamveke m'dziko muno, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa munali mudzi wa asodzi amene ankadziwa nyengo poyang'ana mbalame. Dzuwa likang'amba matope, maso onse ankaloza kumpoto, chifukwa n'kumene kunkachokera alendo awo a chaka ndi chaka: adokowe, anamzeze ndi timbalame tina tamiyendo yaitali. Kwawo kwa alendowo palibe ankakudziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti akangotera ndiye kuti mvula ili pakhomo, ndipo aliyense ayambe kusankha mbewu.

Tsono pamudzipo panali mwambo. Mbalamezo zikafika, zotopa ndi ulendo, palibe ankaloledwa kutchera msampha m'bango mpaka mvula yoyamba itagwa. Ankati mlendo ukamulandira ndi msampha, chaka chamawa amalambalala mudzi wako, n'kupita nayo kwina mvula yake. Wophwanya mwambowu ankamuswera bwato ndi nkhwangwa anthu akuona. Chinali chilango chowawa, pakuti kwa msodzi bwato ndiwo munda wake.

Mlonda wa bangolo anali Namponya, katswiri wa uta amene muvi wake sunkapita padera. Ntchitoyo ankaikonda, mwinanso mopitirira muyeso. Chaka chapitacho anagwira mnzake wina dzina lake Likoswe atatchera misampha. Likoswe anagwada, anapepesa mpaka malovu kuuma, koma Namponya anangoti, "Mwambo ulibe chisoni," n'kuswa bwatolo pakati. Kuyambira pamenepo Likoswe ankangopempha malo m'mabwato a anzake.

M'mawa wina amayi otunga madzi anabwera chothamanga, mitsuko ataisiya kudooko.

"Zafika! Zafikatu, anthuni!"

Mudzi wonse unakhamukira kunyanja. Wina anathamanga mthiko uli m'manja, wina mwana atamubereka chozondoka, ndipo nkhalamba ina imene inkati miyendo inafa kalekale inafika yoyamba, ndodo itaiwala. Kumwamba kunali bii! Adokowe ankazungulira pang'onopang'ono, mapiko ali tambasu, pamene anamzeze ankadutsana m'munsi mwawo, kumakhudza madzi ndi zifuwa. Nthungululu zinalira. Anthu ankalozerana, kumatsutsana kuti wotsogolera ndi uti, ena kumalumbira kuti dokowe wa mwendo wopindika uja amuzindikira, ndi wa chaka chatha yemwe. Namponya anaima patsogolo, uta uli paphewa, akumwetulira ngati kuti mbalamezo waziitana ndi iyeyo.

Gulu la mbalame lija linayamba kutsikira pakachilumba ka bango pamene linkatera chaka chilichonse. Koma litatsala pang'ono kugunda pansi, linabalalika n'kubwereranso m'mwamba. Linayesanso, n'kubwereranso. Nthungululu zija zinazima. Aliyense anadziwa kuti alendo akapitirira, chaka chimenecho chaipa.

Namponya analumphira m'bwato lake n'kupalasa ngati wamisala. Atafika pakachilumbako anapeza adokowe awiri akuphupha, zingwe zili m'miyendo. Anawamasula msangamsanga n'kuwaulutsa. Kenaka anaona kabwato kena kobisika m'bango, munthu atanyonyomala m'menemo, nsalu atafunda kumutu.

"Dzuka, mbala iwe! Lero uona polekera!"

Munthuyo anavundukula nsalu. Anali Nachisale, mlongo wake wamkulu wa Namponya, yemwe anamulera amayi awo atamwalira, kumubereka kumsana ndi kumutafunira chakudya. Mwamuna wake anali atamwalira, n'kumusiyira ana ndi kabwato kameneko.

"Achemwali! Ndinu?"

"Ndine ndemwe, achimwene," anayankha Nachisale. "Madzi aphwa, nsomba zathawira kutali, ana akungogona ndi kukamwa kouma. Ndimati pa unyinji wonsewu, mbalame ziwiri zokha adziwa ndani?"

Namponya anacheukira kumtunda. Anaganiza zomuuza kuti athawe, koma kumtunda anthu anali ataona kale kuti mabwato ndi awiri. Anabwerera limodzi, wina osayang'ana mnzake.

Pamene ankakocheza, kumbuyo kwawo mbalame zinali zitayamba kutera, kachilumba konse kali mbuu! Anthu anavina, anaombera m'manja, koma chimwemwe chitachepa maso onse anatembenukira kwa Nachisale. Nkhwangwa sanachite kuitumiza. Likoswe anali atathamangira kale kukaitenga.

"Nayi, a Namponya," anatero Likoswe. "Ndakunolerani ndekha, kuti musavutike."

Namponya anailandira ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira uta umene anauimika pansi. Anayang'ana kabwato kaja. Anayang'ana mlongo wake, amene anali atakhala pamchenga mutu uli pansi. Mkono umene unaswa bwato la Likoswe mosazengereza unakana kudzuka. Anthu ankangodikira.

Nthawi yomweyo kanamzeze kena, kotheratu ndi ulendo, kanasowa potera. Kanazungulira pamwamba pa anthuwo, n'kudzatera pansonga penipeni pa uta wa Namponya, kakupuma wefuwefu.

"Ee, taonani ndiwo zabwera zokha!" anafuula Likoswe. "Ilaseni, a Namponya, inu osaphonya inu. Kamodzi kokhaka takulolani!"

Anthu anaseka. Namponya, manyazi atasanduka ukali, anaponya nkhwangwa pansi, anasolola muvi n'kuukoleka pansinga. Atakweza uta, kanamzeze kanakwera nawo. Atatembenuzira kumanzere, kanatembenuka nawo. Anaupendeketsa, kanangokupiza timapiko n'kugwiritsitsa. Kulikonse kumene muvi unkaloza, kambalameko kanali kumbali, pamwamba pa dzanja lake lomwe. Katswiri amene ankagwetsa tsekwe ali m'mitambo anazungulira ngati mwana wovina, anthu akugubuduka ndi phwete, ena atagwira nthiti.

Namponya yekha ndiye sanaseke. Anatsitsa uta pang'onopang'ono, nayang'ana kambalameko, kenaka mlongo wake.

"Abale anga," anatero, "mwaona nokha. Mbalame ikatera pauta siilasika. Mlandu uwu wandikulira. Ndikaswa bwatoli, ndaswa msana umene unandibereka. Ndikalisiya, ndawalakwira a Likoswe kawiri. Aweruze ena."

Phwete lija linatha. Akuluakulu amene sanali pachibale ndi mbali iliyonse anapita pambali kukanong'onezana. Pobwera anati mwambo sungapindike chifukwa wolakwa ndi mlongo wa mlonda, choncho bwato liyenera kusweka tsiku lomwelo.

Nachisale anayamba kulira. Koma Namponya anapita kumadzi, nakoka bwato lake lalikulu, limene analisema yekha, n'kulikhazika patsogolo pa anthu.

"Mbumba imeneyi mwini wake ndine," anatero. "Ndakhala ndikulondera mbalame za eni, osaona kuti pakhomo pa mlongo wanga moto sukuyaka. Swani langali. A Likoswe, nkhwangwa munanola nokha, tolani."

Akuluakulu aja anayang'anana n'kuvomera. Likoswe anatola nkhwangwa, ndipo musaganize kuti anachita chisoni, ayi. Anatema mpaka bwatolo linagawanika. Koma atamaliza sanaseke, anangopukuta thukuta n'kumugwira Namponya paphewa. Namponya anatula ulonda tsiku lomwelo, ndipo kuyambira m'mawa mwake ankapita panyanja m'kabwato ka mlongo wake, kukawedzera ana aja.

Umu ndi momwe unayambira mwambi wakuti, "Mbalame ikatera pauta siilasika." Uta umalasa zakutali, koma chimene chakhala pa iwo sungachiloze. Ndi mmene ulili mlandu wa m'bale wako. Kudzudzula mwana wa eni n'kosavuta, pakamwa pamachita kuthwa, koma wolakwa akakhala wobadwa naye bere limodzi, lilime limalemera ndipo dzanja limafooka. Choncho, ana inu, mukadzakula n'kupatsidwa milandu, wa m'bale wanu musadzaukakamire, mudzaupereke kwa ena. Ndipo mukamaweruza wa mwana wa eni, muzikumbukira kuti nayenso ali ndi wina amene anamubereka kumsana.