Namichira ndi Manyazi a Pumbwa

Kalekale, pa kachilumba kena pakati pa madzi, panali mtengo umodzi wokha wa mandimu. M'mwamba mwake munali chisa cha Pumbwa ndi ana ake awiri, amene ankalira ndi njala usana ndi usiku. Chaka chimenecho ziwala zinasowa. Ndiwo yooneka inali imodzi basi: Namichira, gulugufe wonenepa wa michira iwiri kumapiko.

Tsiku lina Pumbwa anamugwira kumchira.

"Gwiritsitsani amayi, ndingagwe!" anatero Namichira.

Pumbwa analuma zolimba, mchira n'kuduka, mwiniwake uyo!

M'mawa mwake Pumbwa anati lero n'kumutu.

"Mutu wanga ndi uno, onani maso," anatero Namichira akuonetsa mawanga a kumbuyo kwa mapiko. Pumbwa anajompha, n'kutsala ndi mchira wachiwiri kukamwa. Mtima unamuwawa koopsa.

"Iwe ndakuleka. Koma ana ako adzakhala ndiwo ya ana anga!"

Pumbwa ankadziwa kuti ana a Namichira sadya tsamba lina koma la mandimu. Anafufuza nthambi ndi nthambi, koma sanapeze kanthu, kupatula tizitosi ta mbalame pamasamba a pansi pa chisa chake.

Namichira anatera chapatali. "Amayi, si kunyoza ayi, koma pakhomo panupa... Anzanu akuti ana anu simunawalange."

Kalanga ine, manyazi! Pumbwa anakalipira ana ake.

"Si ife, amayi!"

"Nanga ndine?"

M'mawa uliwonse, m'mimba muli pululu, ankathyola masamba anthete n'kuphimba zitosizo, ndipo mbalame iliyonse yofika pafupi ankaipitikitsa. Pofika madzulo masamba aja atha, zitosi zanenepa. Pumbwa ankadzifunsa mwaukali: Kodi ana osadya angatulutse zonsezi?

Patapita masiku zitosi zija zinazimiririka, mtima wake n'kukhala pansi. Koma m'mawa wina, pansi pa chisa chomwecho, kunauluka agulugufe ambirimbiri, aliyense ndi michira yake iwiri yathunthu.

"Ananu, thokozani azakhali anu," anafuula Namichira akuseka. "Anakudyetsani, anakufunditsani, anakulonderani!"

Apo Pumbwa anazindikira kuti zitosi zija zinali ana a Namichira. Ndiwo ija anailera yekha! Anacheukira ana ake owonda aja, ndipo wamng'ono anati chapansipansi:

"Paja tinanena ife, amayi."