Kadi Yomwe Inapita ku Ukwati

Pafakitale ya mkaka ija ya kuseri kwa msika palibe amene sawadziwa alamu anga. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Anthu amangoti a Zakale, chifukwa ukangoyamba kuwauza kanthu amakudula pakamwa n'kuti, "Zakale zimenezo!" Koma ndisaname, ntchito amaidziwa. Ndiwo ankayendetsa makina otenthetsa mkaka kuti tizilombo tife usanalowe m'mapaketi, ndipo palibe anadandaulapo za mkaka wodutsa m'manja mwawo.

Pakhoma pafupi ndi makinawo panali kabokosi kotuwa, kokhala ndi kagalasi koonetsa manambala. Ntchito yake inali kuyeza kutentha kwa mkaka nthawi zonse, ngati mboni yosaphethira. Tsiku lina abwana anaitana mayi wina, mmisiri wa zamagetsi, kuti adzalumikize pulinta kukabokosiko. Mayiyo anagwada, n'kulowetsa chingwe kunsi kwa kabokosi, mbali inayo ku pulinta, n'kudina batani. Pulinta inalira tsiriri, kapepala kopyapyala konga lisiti la m'sitolo kakutuluka ngati lilime. Alamu mano onse pamtunda.

"Achimwene, musathamangire pepala, taonani apa," anatero mayiyo, akuloza kampata m'mbali mwa kabokosi. "Umu ndaikamo kadi. Chilichonse chomwe kabokosika kayeza chikusungidwa m'menemu. Pepalali ndi lowerengera lero basi, limadana ndi dzuwa ndi moto. Kadiyi musaichotse. Ikachoka, kabokosika kamangokumbukira za dzulo ndi dzana, zina zonse kamataya."

"Zakale zimenezo, achemwali! Makina awa ndinayamba kuwagwira inu mukuyamwa."

"Makina inde, koma kabokosi aka kabwera chaka chino chomwe."

Azimayi olongedza mapaketi anaseka chikhakhali. Alamu anangokoka chipewa n'kutembenukira kumakina awo.

Ndiye kunabwera ukwati wa mlongo wawo. Alamu anali atauza mtundu wonse kuti kanema ajambula okha, koma foni yawo inali itadzaza mpaka pakhosi. Achemwali anga, omwe ndi akazi awo, anati, "Bambo a mwana, kaguleni kadi kumsika, si patali."

"Ndikagule kadi pamene ina ikungogona kuntchito? Pepala likutuluka tsiku ndi tsiku. Zinthu ziwiri zogwira ntchito imodzi, chimodzi chipume."

Poweruka anaizula ndi chikhadabo n'kuiika m'foni. Foni inafunsa ngati ifufute zonse zinali m'kadimo, iwo anavomera osawerenga n'komwe. Ukwati unakoma, kanema anajambulidwa, pa nthawi yovina alamu atapatsira wina foni, ndipo kadi sinabwererenso. Ibwerera bwanji pamene azakhali, apongozi ndi anthu oyandikana nawo nyumba ankabwera kudzadzionera mmene alamu anavinira?

Kuntchito kabokosi kanayamba kuthwanima kanyali kofiira, kudandaula kuti mulibe kadi. Alamu anakamata selotepi yakuda. "Kasiye kundiphinyira diso, ine ndili pabanja," anatero, ndipo azimayi aja anasekanso. Mapepala a pulinta ankawakoloweka pamsomali wapafupi ndi zenera, pamwamba pa paipi yotentha, kuti aliyense wodutsa aziona kuti pano pali katswiri.

Patapita masabata angapo, sukulu ina yogonera pomwepo, yomwe inkagula mkaka pafakitalepo, inadandaula kuti ana atsegula m'mimba. M'mawa mwake kunatulukira bambo wa zaumoyo, wamtali, wosaseka ndi munthu.

"Sindinabwere kudzakangana," anatero. "Mungondionetsa kuti mkaka womwe munatumiza kusukuluko sabata yatha unatentha mokwanira. Zikaoneka, ndipita kukafufuza galimoto yomwe inanyamula ndi kusukulu komweko. Zikapanda kuoneka, mkaka wonse uli m'chipinda chozizira utayidwa, ndipo amene amayendetsa makinawa aime kaye."

Abwana thukuta kamukamu, koma alamu anali phee, mtima m'malo. Ankadziwa kuti mkaka anautenthetsa bwino, ndipo anali asananame.

"Bwana, pumani. Umboni uli pamsomali apo."

Anayenda modzikweza ngati tambala, n'kutsitsa mpukutu wonse wa mapepala. Anautambasula patebulo. Mbali yomwe inagona papaipi inali bii ngati makala. Mbali yoyang'ana kuzenera inali mbee, ngati sipanalembedwepo kanthu chibadwire. Anautembenuza, anauyang'anira kudzuwa, anaupukuta ndi malaya, koma manambala anali atasamuka.

"Palibe vuto," anatero abwana. "Zonse zili m'kadi. Itanani amisiri aja."

Mayi uja atafika anayang'ana kabokosi, n'kumatula selotepi pang'onopang'ono. Kanyali kofiira kanali kakuthwanimabe. Anapisa chala m'kampata kaja, munalibe kanthu.

"Achimwene, kadi ili kuti?"

Alamu anaitulutsa m'foni. "Mwina zina zinatsalamo," anatero motsitsa mawu.

Mayiyo anaiika m'laputopu yake, anthu onse ataunjikana kumbuyo kwake. Nyimbo inaphulika. Pagalasi panaoneka alamu ali m'suti yothina, tayi ili paphewa, akudula chiuno mpaka pansi, azimayi akululutira. Wina mwa olongedza mapaketi anathawira panja atagwira pakamwa. Bambo wa zaumoyo anaonerera mpaka nyimbo inatha, nkhope osasintha.

"Bambo, kuvina mumatha," anatero. "Koma ine ndafunsa za mkaka."

Tsiku lomwelo mkaka unakhuthulidwa mungalande, ngalande yonse mbuu ngati mtsinje wa laimu. Abwana sanawachotse ntchito alamu, koma anawachotsa pamakina n'kuwapatsa burashi kuti azitsuka makireti kubwalo. Chomwe chinawawa kwambiri n'choti pambuyo pake zinadziwika kuti firiji ya m'galimoto ndiyo inafa panjira. Mkaka wa alamu unalibe mlandu. Koma pomwe zinkadziwika n'kuti mkaka utapita kale ndi ngalande, ndipo abwana anati munthu womata selotepi pa chenjezo sangamusiyirenso makina.

Kunyumba achemwali anga sanalalate. Anangosiya kuonetsa alendo kanema uja, ndipo chete ameneyo anawaluma alamu kuposa mawu.

Sabata yotsatira mayi mmisiri anabweranso kudzaika kadi yatsopano. Potuluka anawapeza alamu kubwalo, buluku atalipinda m'maondo, thovu mpaka m'zigongono. Iwo anaimirira n'kuvula chipewa, chinthu chomwe palibe anawaonapo akuchita.

"Achemwali, tabwerezani zija munanena tsiku lija, za pepala ndi kadi. Ulendo uno ndimvetsera."

Mayiyo anawayang'ana, n'kumwetulira.

"Zakale zimenezo, achimwene."

Komabe anakhala pakireti n'kuwafotokozera zonse kuyambira pachiyambi, ndipo alamu sanamudule pakamwa ngakhale kamodzi. Anali atadziwa tsopano, ngakhale mochedwa, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.